Buku la Amayi Lipite Kumoto

Houjie, Dongguan
6 Novembala 2002

Okondedwa achimwene Deshun,

Ndikupereka moni kwa inu ndi onse a pakhomo. Muli bwanji kumeneko? Bondo lija linkakuvutani pa maliro linaphwa, kapena mukukwerabe nalo mitengo ya manyumwa? Musamalinyalanyaze, si inu mnyamatanso ayi. Ine kuno ndili bwino, kungoti chifuwa chimabwerabwera chifukwa cha utsi wa m'khitchini.

Katundu munatuma Lanfang, mnzanga wa kumudzi amene ali kuno, wafika bwino, manyumwa anayi ndi jinja. Zikomo kwambiri. Manyumwa a kuno ndi okongola khungu lokha, m'kati ukamatafuna ngati thonje. Ndinasenda limodzi m'chipinda chathu, atsikana onse asanu ndi awiri anatsika pa mabedi awo kutsata fungo. Makoko ndayanika pa zenera.

Ntchito ikuyenda monga mwa masiku onse. Pano tikuphikira anthu mazana asanu ndi atatu chifukwa fakitale yalandira oda yaikulu ya nsapato. Kapitawo watsopano ndi wa ku Sichuan, amafuna tsabola m'chilichonse, ndiye eni dera kuno amabweza mbale akutukwana, ndipo wotukwanidwa ndi ine amene ndimaima pa zenera logawira. Masiku asanu aja ndinabwera ku maliro sanawaiwale mpaka lero. Akandiona ndakhala pansi pang'ono amafunsa ngati kwathu kwagwanso maliro ena.

Andisamutsiranso pa bedi lam'mwamba, ati lapansi alipatse mtsikana woyembekezera. Sindinakane, koma kukwera makwerero pa msinkhu wanga uno ndi chionetsero chaulere. Dzanja lamanja ndinapsa ndi mafuta sabata yatha, ndiye mukaona zilembo zikupendama musadabwe.

Tsono ndifike pa chimene ndakulemberani.

Jinja uja anakulungidwa m'nyuzipepala ya kwathu. Ndikuganiza kuti alamu anagula zambiri mpaka zina kusowa nazo chochita. Nditaitambasula kuti ndiyale pa shelefu, ndinakuonani inu. Mwavala jekete ija ya pa ukwati wa mwana wanu Haiyan, tsitsi mwalinyowetsa, mukumwetulira mano onse, ndipo m'manja mwanyamula buku la amayi ngati munthu amene wagwira nsomba yaikulu.

Pansi pake alemba kuti bambo Lu Deshun, mlimi wokonda chikhalidwe cha makolo, apereka buku lakale la malemba a akazi ku nyumba ya chionetsero pa tsiku lotsegulira, pa 28 mwezi uno. Alembanso kuti m'bukumo muli madalitso a ukwati. Ndinawerenga kawiri ndili chiimire, kenako ndinakakhala kuseri kwa khitchini pa thumba la anyezi mpaka kapitawo anandipeza.

Achimwene, tsiku lotseka bokosi ndinafunsa. Ndinafika mochedwa, fumbi la basi lili m'maso, koma chinthu choyamba ndinafunsa ndi buku lija. Alamu anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Zonse taika, mlamu, zokupizira, mipango, buku, zonse zili kumutu kwawo. Pitani mukadye." Ine ndinapitadi kukadya. Inu munali chapafupi pomwepo mukulandira alendo, ndipo munamva.

Lachisanu ndinakuimbirani foni ku sitolo ya a Zhou kukupemphani kuti bukulo litsatire amayi pamoto monga mwa mwambo. Munati zimenezi ndi zazikulu, si za kukhitchini, ndipo amayi akanakhala moyo akanakondwa kuona dzina la banja lathu likulemekezedwa. Munatinso malemba amenewa akutha, odziwa kuwerenga atsala owerengeka, ndiye kuwotcha buku lotere ndi umbuli. Kenako munadula, ine ndikulankhulabe. Ndikudziwa kuti sitolo yonse inali itatchera khutu, n'chifukwa chake ndasankha kulemba. Kalata simungaidule pakati.

Pali chimene simukuchidziwa, ndipo inenso ndachidziwa Lamlungu lapitali.

Pa Chaka Chatsopano chathu mu Febuluwale, m'mawa umene ndinkanyamuka, amayi anandiponyera mpango wabuluu m'chikwama. Anangoti ndisautaye. Unali ndi timalemba tawo tija, topendama, toonda ngati miyendo ya udzudzu, topetedwa ndi ulusi woyera. Mukudziwa kuti ine sinditha kutiwerenga. Ndinaganiza kuti ndi zokongoletsa chabe, monga ankachitira pa malamba ndi pa zipewa za ana, ndipo ndinakulungiramo chiphaso changa. Miyezi isanu ndi inayi ndakhala ndikuyenda ndi kalata ya amayi m'thumba, ndikuipukutira thukuta.

Nditaona chithunzi chanu ndinautulutsa mpango uja kuti ndingogwirako chinthu chawo. M'pamene ndinaona kuti mizere yake ndi isanu ndi iwiri, yotsika bwinobwino kuyambira kumanja, ndipo palibe umene ukubwereza unzake. Zokongoletsa zimabwerezabwereza, izi zinali nkhani.

Lanfang anandiuza za mayi wina wa cha ku Shangjiangxu, Mayi Tang, amene mwana wawo anawabweretsa kuno kudzalera mdzukulu. M'mawa uliwonse amakhala pa chipata cha msika, pafupi ndi ogulitsa nsomba, n'kumanyoza aliyense wodutsa m'chinenero cha kwathu poti palibe akumva. Ndinawapeza akuuza mayi wina wovala nsapato zazitali kuti akuyenda ngati nkhuku yomangidwa miyendo, mayiyo n'kumagwedeza mutu mwaulemu.

Ndinawapatsa moni, ndinatchula mudzi wathu ndi dzina la amayi, n'kuwapatsa mpango. Anauyandikitsa kumaso, kenako anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Amene anapeta apa ndi mayi ako?"

Ndinavomera.

"Dzanja labwino chonchi, mwana wake osadziwa kuwerenga? Unkatani iwe, unkaweta abakha?"

Ndinati ndinkapita kusukulu.

"Eee, sukulu! Ndiye sukulu yakoyo yakufikitsa pati? Ukununkha anyezi mpaka kuno."

Ndinawapempha kuti angondiwerengera. Anati malemba amenewa sawerenga ngati chikalata cha boma, amaimba, ndipo ngati ndili ndi manyazi ndi anthu a pamsika nditenge mpango wanga ndizipita. Ndinakhala pansi pa simenti yonyowa ndi madzi a nsomba. Anatsokomola, n'kuyamba kuimba ndi kamvekedwe komwe kaja amayi ankaimbira m'chipinda cham'mwamba akamasoka, kotsika kumapeto ngati munthu watula mtolo. Ogulitsa nsomba anaseka, ine sindinawaone n'komwe.

Mawu ake ndawalemba apa monga ndinawamvera.

Mwana wanga Donglian, ndapeta pa mpango poti pakamwa pandilemera.
Ndikadzapita usataye nthawi ndi misozi, uonetsetse za buku.
Manzhu anandilembera masamba atatu, sindinamuyankhe ali moyo.
Mayankho ndalemba m'masamba otsala, chaka chilichonse limodzi.
Wonyamula kalata za kumeneko ndi moto, palibenso wina.
Mchimwene wako ndi mwamuna, adzaona chikuto chokha.

Imeneyo ndi mizere isanu ndi umodzi. Wotsalawo ndikuuzani, koma muyambe mwamva izi.

Dzina la Manzhu mwina munalimvapo osalisamala. Anali chinjira cha amayi. Anabadwa chaka chimodzi, anali a msinkhu umodzi, ndipo analumbirirana ali atsikana kuti adzakhala apachibale mpaka kumanda. Amayi atakwatiwa, tsiku lachitatu Manzhu anawatumizira buku limeneli monga mwa mwambo. Chikuto chakuda chija anasoka yekha, analemba masamba atatu oyamba, ena onse n'kusiya opanda kanthu kuti mwini wake adzalembemo za moyo wake.

Manzhu anakwatiwa kuseri kwa mapiri ndipo anamwalira pobereka mwana woyamba. Amayi sanapite ku maliro. Anali ndi pakati panu, achimwene, ndipo woyembekezera salowa pa maliro. Izi anandiuzapo kamodzi kokha tikutsuka koko kumtsinje, osandiyang'ana. Chimene sanandiuze n'chakuti kuyambira chaka chimenecho akhala akumuyankha mnzawoyo. Werengani zaka zanu, mupeza kuchuluka kwa makalata amene munanyamula pa chithunzi paja.

Ndinawauza Mayi Tang zimene nyuzipepala inalemba, zoti m'bukumo muli madalitso a ukwati. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Madalitso? Buku la tsiku lachitatu? Ndani anadalitsapo mnzake pomuona akupita kukatumikira apongozi? Mmenemo timalira, mwana iwe. Amuna ankationa tikulemba n'kumati tikujambula maluwa a pa nsapato. Mpaka lero akadali pomwepo, angowonjezera magalasi."

Anandifunsa ngati bukulo linapita ndi mwini wake. Nditawauza zoona, kuseka kunatha. Anati mayi akafa, zolemba zake zimapita naye, m'bokosi kapena pamoto, kuti kumeneko akakhale ndi chowerenga ndi anzake. Anati iwo zawo anazimanga kale m'kathumba, ndipo anauza mwana wawo kuti akadzasungako ngakhale tsamba limodzi adzamubwerera kutulo usiku uliwonse mpaka adzachite misala. Za amayi anangoti, "Ndiye wafika kwa mnzake chimanjamanja, patatha zaka zonsezi."

Mawu amenewo sakundichoka. Ine sindidziwa ngati akufa amawerengadi, achimwene. Ndinaphunzira sukulu imodzimodzi ndi inu, ndipo anatiphunzitsa kuti zonsezo ndi zabodza. Koma inu nomwe mwaitanitsa nyumba ya mapepala yoti muwotche pa tsiku la 49 chimwalirireni amayi, ya zipinda ziwiri, ndipo Lanfang akuti ili ndi wailesi ya kanema ya pepala ndi galimoto ya pepala pakhomo. Amayi sanakwerepo galimoto yaing'ono moyo wawo wonse. Ngati mukukhulupirira kuti galimotoyo ikafika, bwanji mukukana kutumiza chinthu chimodzi chokha chimene anapempha?

Tsono ganizaninso izi. Inu simunawerenge bukulo, inenso ayi. Koma bambo wa magalasi wa ku nyumba ya chionetsero, uja anabwera kudzakujambulani, amatha kuwerenga, ndipo ali ndi ophunzira ake. Adzalitsegula tsamba ndi tsamba, adzalimasulira, adzalisindikiza kuti aliyense amve.

Mukuganiza kuti mayi akamalembera chinjira chake amalemba za nyengo? Muli dzanja la abambo mmenemo, lija tinkalimva kudzera m'matabwa ife titadzipinda pa mphasa. Muli kamng'ono kathu kaja kanamwalira chaka cha njala kasanayambe kuyenda, kamene pakhomo pathu sitikatchula dzina. Ndipo muli chaka chija munawasamutsa m'chipinda cham'mwamba n'kuwaika m'kachipinda koyandikana ndi khola la nkhumba, ati makwerero awavuta, pamene tonse tinkadziwa kuti alamu ankafuna posungira manyumwa. Amayi sanadandaule kwa inu, sanadandaule kwa ine. Mukuganiza kuti ankadandaulira ndani?

Dzina lanu lidzakhala pa kapepala pansi pa galasi, inde, koma lilinso m'kati mwa buku.

Sindikunena izi kuti ndikuopsezeni. Kunena zoona ndakwiya nanu kwambiri, moti Lachisanu lija ndikanakhala pafupi sindikudziwa chimene ndikanachita. Koma ngati m'bukumo muli mwana amene wanenedwa koposa mnzake, mwanayo ndi ine. Inu nthawi imeneyo munali kokumba damu, munangomva za m'maluwa, ndipo pakhomo pathu nkhaniyi sinakambidwepo. Lero ndikuuzani ndekha.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, kansalu kofiira ka ana a chipani kali m'khosi. Aphunzitsi anatiuza kuti aliyense aulule zinthu zakale zimene zabisika kwawo, mafano, mabuku a mizimu, malemba a afiti. Ine ndekha ndinaimika dzanja. Palibe anandimenya, palibe anandiopseza, ndinkangofuna kuti aphunzitsi anditchule dzina pamaso pa kalasi. Ndinati amayi anga ali ndi dengu lodzaza malemba a afiti m'chipinda cham'mwamba.

Dengulo ndinalisenza ndekha mpaka pa bwalo lopunthira mpunga. Munali zokupizira zolembedwa, makalata a anzawo a ku midzi ina, nyimbo zimene anakopera kwa azakhali awo, ndi lamba amene agogo anawalukira. Anyamata a chipani a nsalu zofiira pamkono anakoleza moto masana dzuwa lili pamutu, ndipo anandipatsa ulemu woponya choyamba. Ndinaponya, anthu anaomba m'manja, ine ndinasangalala. Musaganize kuti ndinalira, ndinasangalala ndithu.

Buku la Manzhu linapulumuka mwangozi. Amayi ankasungiramo ulusi wa mitundumitundu ndi mapepala odulira nsapato. Mnyamata wina analikutumula, ulusi unagwa, ndipo anati izi ndi zosokera chabe n'kuwaponyera kumapazi. Amayi anawerama, anatola buku, anatolanso ulusi umodziumodzi pa fumbi, n'kubwerera kunyumba moto ukuyakabe.

Nditafika ndinapeza andisungira mpunga. Anandiikira mbale patsogolo n'kunena kuti, "Idya, wagwira ntchito lero. Wandiika m'manda ndikadali moyo." Ndinaganiza kuti ndi mawu a mkwiyo chabe. Zinanditengera zaka kuti ndimvetse kuti sankakokomeza. Zolemba za mayi zimawotchedwa tsiku limene wamwalira, ndipo ine ndinawachitira mwambo wa maliro iwo ataima pomwepo akuonerera.

Kuyambira tsiku limenelo sanandiitanenso m'chipinda cham'mwamba akamaimba. Sananene kuti andiphunzitse, inenso sindinapemphe. Nditakwatiwa mwambo wa buku unali utatha kale, koma ndinkayembekezerabe kuti mwina tsiku lachitatu pabwera kenakake kobisika m'dengu la makeke. Munabwera makeke okhaokha. Tinakhala zaka makumi atatu ndi zisanu tikukambirana za nkhumba, za mvula ndi za ana, mwaulemu ngati anthu oyandikana nyumba. Akulu amati mlandu suola, ndipo wanga sunaole.

Pa msika paja Mayi Tang atafika pa mzere womaliza anaima. Anaufufuza ndi chala kawiri, n'kundifunsa chimene ndinawalakwira amayi anga. Ndinati angoimba. Anati, "Chabwino, makutu ndi ako." Mzerewo ukuti:

Ndasankha iwe, mwana wanga, poti moto umaudziwa.

Ndinawafunsa Mayi Tang ngati pamenepo amayi akundikhululukira kapena akundibaya. Ndinafunsanso chifukwa chimene anandilembera m'malemba amene ankadziwa kuti sindingawerenge, pamene akanatha kungondiuza pakhomo pomwe paja. Anandibwezera mpango n'kunena kuti, "Mwina ankafuna uvutike pang'ono, ukagwade kwa nkhalamba ngati ine. Mwina pakamwa panawalemeradi. Ndidziwa bwanji ine, ndine mayi ako? Dzuka apo, wakhalira mamba a nsomba."

Ndaganiza za mzere umenewu masiku atatu ndikusenda ndi kukazinga, ndipo yankho sindinalipeze. Mwina ndi zonse ziwiri, amayi ankatha kukupatsa chakudya ndi mbama m'dzanja limodzi. Chimene ndikudziwa n'chakuti m'moyo wanga wonse andituma chinthu chimodzi chokha chochokera pansi pa mtima wawo, ndipo ndinachedwa kuchimva ndi miyezi isanu ndi inayi. Ndikanapita kwa Mayi Tang kale, bukulo ndikanaliika ndekha m'bokosi.

Taonani ana amene mayi ameneyu anabala. Wina anawotcha zolemba mwini wake ali moyo, wina akukana kuziwotcha mwini wake atamwalira.

Pempho langa ndi limodzi. Pa 21 mwezi uno, tsiku la 49, mukamawotcha nyumba ya mapepala ija kumanda, muikemo buku la amayi. Mulichotse m'kabati, musalitsegule, ulusi umene uli m'katimo muusiye momwemo. Muliike m'chipinda cham'mwamba cha nyumbayo, osati chapansi. Muyatse inu, ndinu mwana wamwamuna, ndipo muime pomwepo mpaka chikuto chithe chifukwa nsalu imachedwa kupsa.

Ndikudziwa chimene chikukuvutani. Munalonjeza pamaso pa anthu, nyuzipepala inalemba, ndipo mukuopa kuti pa 28 mudzaima chimanjamanja akuluakulu akukuyang'anani. Ndikudziwanso kuti zimene munanena pa foni si zopusa zonse. Malembawa akuthadi, ndipo ana a Haiyan ayenera kudzaona dzanja la agogo a mayi awo. Zimenezo sindikutsutsa.

N'chifukwa chake mpango uja ndauika mu envulopu muno. Ndauchapa ndi kuusita. Ndi dzanja lomwelo la amayi, ndipo Mayi Tang akuti kupeta kotere sanakuonepo kuyambira ali mtsikana. Imeneyi ndi kalata imene yafika kwa mwini wake, ndaimva, yatha ntchito yake, ndiye a ku nyumba ya chionetsero angathe kuiika pansi pa galasi. Za m'bukumo sizinafike. Muwapatse mpango, muvale jekete yanu, ajambulenso chithunzi china.

Sikuti ndikuupereka mosavuta. Ndi chinthu chokhacho chimene amayi anandilemberapo, ndipo pouika mu envulopu ndinautulutsanso kawiri. Bambo wa magalasi adzawerenga mzere womalizawo ndipo adzafunsa tanthauzo lake. Musamunamize. Mumuuze kuti ndi Lu Donglian, mlongo wanu, wophika ku Dongguan, amene anasenza dengu la amayi ake kupita nalo pa bwalo ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Akafuna alembe pa kapepala, anthu aziwerenga. Zanga zikhale poyera, za amayi ndi Manzhu zipite kwa eni ake.

Alamu akayamba zoti tinalonjeza buku osati kansalu, muwauze kuti andilembere okha, adiresi ili pamwambapa. Ndili ndi funso limene ndikufuna andiyankhe, la zimene anandiuza pambali pa bokosi dzanja lawo lili paphewa panga.

Mundiperekere moni kwa alamu omwewo, chifukwa ulemu sindinautaye. Moni kwa Haiyan ndi mwamuna wake, ndi kwa tiana tawo tiwiri, muwauze kuti zipewa ndinalonjeza zija ndikuluka. Moni kwa azakhali aang'ono, muwathokoze chifukwa chosambitsa amayi ine kulibe. Moni kwa amalume a kutsidya kwa mtsinje, ndi kwa a Zhou a kusitolo, amene ndikudziwa kuti nkhani yathu akuidziwa kale kuposa ife.

Pa 21 ndidzaimba foni kusitoloko dzuwa likapendeka. Musadzanene zambiri poti makutu ndi ambiri, mudzangoti makalata apita, ine ndidzamva. Mukadzanena china chilichonse, m'mawa mwake ndikwera basi, kapitawo achite zimene akufuna ndi ntchito yake. Kabati yanu ndikuidziwa, kumanda ndikudziwako, ndipo amayi sanalakwitse posankha wotuma.

Ndine mlongo wanu, wa mimba imodzi ndi inu ngakhale zili chonchi,

Donglian